A Osward Njobvu ndi Mlandu wa Majezi

Pamsika wa Katete panali wogulitsa salaula mmodzi yekha amene ankatha kukukaniza malaya ndalama uli nazo m'manja, ndipo ameneyo anali a Osward Njobvu. Buluku ankagulitsa kwa aliyense. Majekete, masokosi, madiresi a ana, ukangoloza ankakukulungira osafunsa ngakhale dzina lako. Koma ukakhudza jezi ya bezibo, ija ya mabatani kutsogolo, dzina ndi nambala kumsana, ankayamba akuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, monga achitira malume poona mnyamata wodzafunsira mbeta.

"Mumagwira ntchito yanji, akulu?"

"Ndimalima."

"Chaka chatha munakolola?"

"Mvula inadula chimanga chikumasula."

"Ndiye yofiirayo isiyeni. Mwini wake sanalawepo njala, simungagwirizane. Tengani yobiriwirayi. Uyu anathyoka chigongono, timu yake nkumutaya, anthu nkumuiwala, koma anabwerera nkudzaponyanso mpira mpaka imvi."

Munthu ankabwera kudzafuna yofiira nkupita ndi yobiriwira, pamodzi ndi mbiri yonse ya mwini wake: kumene anabadwira, timu imene inamugula, timu imene inamugulitsa, bondo limene linayamba kumupereka. Ndipo asanachoke ankayenera kuibwereza mbiriyo. Akaphonya, a Osward ankaigwira jeziyo pakolala, osaisiya.

"Dzina la munthu silivalidwa mwaumbuli," ankatero. "Kwathu kuno ukalowa dzina la malume ako umayamba wadziwa minda yawo ndi milandu yawo. Nanga awa, chifukwa ali kutsidya kwa nyanja, tizingopukutira thukuta maina awo osawadziwa?"

Msika wonse unkaseka. Amene sankaseka ndi akazi awo, amai Mwandida, chifukwa majezi omwewa ndiwo anadzawachotsetsa a Osward pa mgonero. Ndipo mumpingo wawo munthu akafa ali wodulidwa, amapita kumanda popanda nyimbo.

Kwa amene simunaimvepo, bezibo ndi masewera a ku America, ku Japan, ku Cuba ndi maiko ena akutali. Wina amaponya kampira kolimba ngati mango osapsa, wina nkukamenya ndi chibonga, nkuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Ku Katete kunalibe amene anawaonapo. A Osward anawaonera pa matepi ali mnyamata, akuphikira mzungu wina wokumba mijigo ku Lusaka. Mzunguyo analibe wocheza naye, choncho akaweruka ankaitana kuki wake, kumukhazika pampando, nkumamufotokozera za wosewera aliyense wotuluka pa kanema. Anzawo amene anapita ku Lusaka nthawi imeneyo anabwerako ndi njinga, ena ndi makina osokera. A Osward anabwera ndi chikwama chopepuka ndi mutu wolemera.

Mutuwo anapitiriza kuudyetsa. Ankasaka masiteshoni akutali pa wailesi. Ankapisa m'matumba a majekete a m'belo kufunafuna timakadi ta zithunzi za osewera. Ndipo mzungu aliyense amene basi ya ku Chipata inamutsitsa kuti agule nthochi ankapezeka wagwidwa pamkono. Ambiri ankakhala a ku Germany kapena ku Holland, osadziwa kalikonse za bezibo. A Osward ankawamvera chisoni, nkuyamba kuwaphunzitsa mpaka dalaivala kuliza hutala kachitatu.

Amai Mwandida ankati anzawo anafunsiridwa ndi sopo ndi chitenje, iwo anafunsiridwa ndi mbiri ya woponya wamanzere wa ku Cuba amene anathawa kwawo pa kabwato. Anali akukumba mtedza tsiku limenelo, m'masika, dothi litayamba kulimba. Anamvetsera chifukwa ankafuna kudziwa ngati kabwatoko kanafika. Pamene kankafika, mtedza unali utatha kukumbidwa, ankhoswe atakumana kale.

Maina a kumsana kwa majezi ankapotokola lilime, choncho a Osward anawapatsa ena akuno. Panali Wamanzere uja. Panali Kamphepo, amene akuti ankafika pa ngodya yachiwiri woponya asanamalize kuphethira. Panali Mochedwa, amene anakalambira m'matimu ang'onoang'ono akugona m'mabasi, nkuitanidwa ku ligi yaikulu ndevu zitayamba kuyera, kusewera tsiku limodzi, kenaka nkubwerera kwawo kukagulitsa matayala. Kaya zonsezi zinali zoona, kaya zina ankathirako mchere, panalibe wodziwa.

Anyamata a pa siteshoni, amene kwa iwo mpira ndi wamiyendo basi, sankadutsa pa benchi pawo osawaputa.

"Mudala, manje timu yanu yawina zingati?"

"Sinathe."

"Kuyambira dzulo?"

"Bezibo ilibe wotchi, mwana wanga. Sikutha chifukwa choti wa wezulo watopa. Mpaka womaliza atuluke, palibe wopita kwawo."

"Nanga kumenya mpira na nkhuni, ni masewera kapena kupha mbewa?"

"Inu mumathamanga tsiku lonse nkuweruka opanda chigoli, nkumati mwasewera bwino. Ngakhale wopha mbewa amabwera ndi ndiwo."

Chaka china, thonje litagulidwa, mphepo ya Ogasiti ikukweza fumbi ndi mapesi, a Osward ndi akazi awo ananyamula katundu kupita naye ku Vubwi, kumene salaula ena amaitcha kaunjika. Kumeneko kunabwera wamalonda wa ku Mozambique, munthu wosataya mawu. Anayang'ana mulu wa majezi nati atenga onse. Amai Mwandida anaona feteleza wa chaka chimenecho atafika kale pakhonde. Wamalondayo anatsegula thumba nkuyamba kuponyamo.

"Imani kaye," anatero a Osward. "Awiri awa simungawaike m'thumba limodzi."

"Chifukwa?"

"Uyu anamuponyera mnzakeyu mpira m'nthiti mwadala. Anamenyana pabwalo, matimu onse nkulowererapo. Mpaka lero salonjerana."

"Bambo, izi ndi nsalu."

"Ngati ndi nsalu, kagulani nsalu. Zili uko, za mamita."

Anabwerera ku Katete ndi majezi onse, kupatula imodzi imene a Osward anapatsa mayi wina wogulitsa zitumbuwa chifukwa ankatembenuza ndi dzanja lamanzere. Ulendo wonsewo amai Mwandida sanalankhule. A Osward anaona ngati akumvetsera, nkuwafotokozera ndewu ija kuyambira pachiyambi.

Koma zonsezi zinali zopirira. Tsoka lenileni linabwera m'chisanu, m'mawa wina wa Juni, anthu akuothera dzuwa kumbuyo kwa masitolo. M'belo latsopano munatuluka jezi yoyera ya timizere tating'ono, yosaperepeseka ngakhale pakhosi. Anaiona a Marko Miti, mkulu wa mpingo, mwini chigayo chokhacho cha kumbali ya kwawo, munthu woyenda manja ali kumbuyo ngati dziko lonse ndi munda wake.

"Iyi ndatenga," anatero a Miti. "Ndizivala kuchigayo. Yoyera chonchi, ufa sudzaoneka."

A Osward anaichotsa m'manja mwawo pang'onopang'ono, ngati akulanda mpeni kwa khanda.

"Uyu ndi Chigwada, akulu. Wowakha mpira. Moyo wake wonse anakhala chogwada kumbuyo kwa womenya, mipira ikumuswa zala, ikumugunda pakhosi, kuti mnzake woponya atchuke. Zala zake zinapindika ngati mizu ya chinangwa. Inu munagwadirapo ndani?"

"Ndimagwadira Mulungu."

"Ameneyo tonse timamugwadira, ndipo saswa zala."

Azimayi a tomato anabisa nkhope m'zitenje. Wa makala anaseka mpaka kutsokomola. A Miti anachoka manja ali kutsogolo, kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Nkhani ikadathera pomwepo, koma mwezi womwewo mdzukulu wa a Miti analephera mayeso a masamu. Atafunsidwa, mwanayo anayankha mosatekeseka kuti a Njobvu amanena kuti wokhoza zitatu pa khumi ndiye katswiri. Sabata yotsatira a Osward anaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo pa mlandu wa bodza ndi kusokoneza ana. Amai Mwandida anawasitira malaya oyera, nkuwapempha njira yonse kuti akangovomera chilichonse. Amaiwo anakhala panja, pafupi ndi zenera, akumva zonse.

"Kodi munanenadi kuti kuli anthu olipidwa chifukwa cholephera?" anafunsa a Miti.

"Ndinati womenya akayesa kakhumi nkumenya bwino katatu, dziko lonse limamuvulira chipewa."

"Kasanu ndi kawiri walephera."

"Walephera."

"Nkumulipira."

"Nkumumangira nyumba yosanja."

"Limenelo ndi bodza. Ndipo ngati si bodza, ndi tchimo."

"Akulu anga," anatero a Osward, "pa zaka khumi zapitazi, ndi zingati zimene nkhokwe zanu zinadzaza? Kunali chaka cha mbozi. Kunali chaka cha ng'amba. Kunali chaka chimene feteleza anafika chimanga chitabereka kale. Koma mitambo ikangoda ku phiri la Mphangwe, nonse mumasaka khasu. Ine ndikakuonani mukupita kumunda ndimavula chipewa. Ngati limenelo ndi bodza, ndiweruzeni."

Mkulu wina anayamba kuwerenga zala pansi pa tebulo. Koma onse anali ndi chimanga chofuna kugayitsa, ndipo chigayo china chinali kutali. Chigamulo chinatuluka chofewa, mwa kuona kwawo. A Osward akaime kutsogolo kwa mpingo Lamulungu, anene kuti nkhani zawo za bezibo ndi nthano chabe zosangalatsira makasitoma, basi mlandu watha.

"Nthano ndimazidziwa," anatero a Osward. "Mumakhala nyama zolankhula. Awa ndinawaona ndi maso anga akutuluka thukuta."

Anadulidwa tsiku lomwelo.

Pobwerera anadutsa m'minda yokolola kale, ng'ombe zikudya mapesi, utsi wa lupsa utaima chilili kutali. Amai Mwandida anayenda patsogolo, zimene sankachita.

"Kutsegula pakamwa kamodzi kokha, a Njobvu. Kamodzi. Inu amene pakamwa panu sipatsekeka."

"Ndikatero, amake Beauty, ndiye kuti ndanama koyamba. Ndipo ndanamira m'tchalitchi."

"Nanga mukafa?"

"Sindinadwale."

"Nkhuku imene tinadya dzulo inadwala?"

Kuchokera pamenepo a Osward sanajombe kutchalitchi ngakhale tsiku limodzi. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, jekete atamanga mabatani onse. Tsiku la mgonero, osaloledwa akauzidwa kuti atuluke, iwo ankatuluka mwaulemu, nkukaima pazenera, nkumaimba mokweza kuposa onse a m'kati. Panalibe lamulo loletsa munthu kuimba panja. A Miti analifunafuna, osalipeza.

Amai Mwandida anayesa njira zonse zimene mkazi angayese. Anawaphikira nkhwani zotendera kwa mwezi wathunthu, osatchula kanthu, nkudzatchula pamapeto. Sizinathandize. Anasiya kuwaphikira. A Osward anayamba kudya zitumbuwa pamsika, nkunenepa. Amai Mwandida anaitanitsa alongo awo, nkhoswe ya banjalo, munthu wa nkhope yosaseka, amene anachoka ku Sinda pa njinga atakonza mawu olemera. Madzulo nkhosweyo inatuluka m'nyumba itavala jezi ya buluu.

"Mlamu wanu wamva?" anafunsa amai Mwandida.

"Mlongo, munthu uyu amene ndavalayu anasewera ndi chala chothyoka nyengo yonse, osauza aliyense."

"Ndafunsa za mlandu."

"Eya, mlanduwo ndi wovuta," anatero alongo awo, nkukwera njinga.

Dzinja linabwera nkupita, linanso nkubwera. Tsitsi la a Osward linayera. Abusa anasinthidwa. Mlandu unakhalabe pomwepo ngati chitsa pakati pa munda, aliyense akulima mochizungulira.

Pa Khirisimasi ina kunabwera mwana wawo Beauty kuchokera ku Lusaka ndi mwamuna wake Valentino, mnyamata waulemu wa foni yaikulu ngati mbale. Atamva nkhaniyo, Valentino anadabwa kuti anthu avutika zaka zonsezi ndi chinthu chaching'ono chotere.

"Atate, nipatseni chabe dzina imodzi," anatero atagwada chapatali. "Tizaona pa foni manje manje. Ngati ni zoona, tizaonetsa a Miti, nkhani yasila."

A Osward anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Mkamwini, anthu awa ndakhala nawo chibadwire. Manda a amai awo a Miti ndinakumba nawo ine, mvula ikugwa. Ngati mawu anga sakwana mpaka kabokosi kosandidziwa kandichitire umboni, kasiyeni kagone. Ine sindiweruzidwa ndi chinthu chofuna kutchajidwa."

Mawa lake a Osward atapita kumsika, amai Mwandida anasolola jezi imodzi pa mulu wa m'nyumba. Mpongozi sayandikana ndi mkamwini, choncho anaipereka kwa Beauty, Beauty nkukaipereka kwa mwamuna wake pansi pa mtengo wa mango, iwo nkuima kuseri kwa nkhokwe. Anamva Valentino akutchula zilembo chimodzichimodzi. Chimanga chinali chofika m'mawondo, chobiriwira bii, ndipo kunali bata loti ankamva mtima wawo. Anaganiza kuti foniyo ikati bodza, ndiye kuti anakwatiwa ndi bodza, kuyambira pa kabwato kaja. Ikati zoona, ndiye kuti iwonso, mkazi wa m'nyumba, anafuna mboni monga a Miti.

"Beauty, uwauze amuna ako azimitse."

"Amama, yatsala pang'ono kutsegula."

"Ndati azimitse. Ubweretse malaya a atate ako asanadetsedwe."

Sanauze munthu za tsiku limenelo, ndipo sanasiye kuwakakamiza a Osward kuti akapepese. Kukhulupirira mwamuna ndi nkhani ina, kufuna kuti aikidwe ngati Mkhristu ndi inanso.

Matenda anabwera m'chilimwe, nyenje zikulira m'mitengo yopanda masamba, nthaka ikutentha ngati chiwaya. Miyendo ya a Osward inatupa, mpweya nkuyamba kuperewera. Kuchipatala anawapatsa mankhwala nkuwauza kuti akapumule kunyumba, ndipo aliyense anamva tanthauzo lake. Ankagona pamphasa pakhonde, akufotokozera nkhuku za Mochedwa.

Masana ena kunabwera abusa atsopano, a Timothy Sakala, munthu wachinyamata wa mtima wabwino, a Miti ali pambuyo pawo. Abusawo anakhala pa kampando, nkulankhula motsitsa.

"Atate, tonse ndife ochimwa. Sindikupemphani zambiri. Mungonena pamaso pa a Miti pano kuti mwina penapake munkawonjezerako pang'ono. Ine ndikafotokozera bwalo, mubwezedwe sabata ino."

"Machimo ndili nawo odzaza ngolo, abusa. Amake Beauty angakuwerengereni bwino kuposa ine. Koma limene mwanyamulali si langa."

"Ngakhale pang'ono pokha?"

"Inu mwangoitanidwa kumene ku ligi yaikulu. Musayambe ndi kupempha odwala kuti aname."

A Miti anapukusa mutu. "Mudzafa ndi mwano wanu, a Njobvu."

"Ndi wanga, ndinaugula ndekha. Kuchigayo kuli bwanji? Ufa ukuonekabe pa malaya?"

Alendo atapita, amai Mwandida anakhala pamphepete pa mphasa akusenda nyemba zouma.

"Mupita ngati mwana wa mbuzi," anatero. "Opanda nyimbo."

"Ine ndidzakhala nditagona, sindidzamva."

"Ndi chimenecho. Wodzamva ndine. Inu mwasunga dzina lanu, manyazi mwandisiyira ine."

Pa zaka zonse za banja lawo, aka kanali koyamba kuti a Osward asowe wosewera wofanana ndi nkhani imene ili pakhomo.

"Pa chimenecho mundikhululukire, amake Beauty," anatero potsiriza. "Chinacho sindingathe."

"Ndikudziwa kuti simungathe. Imwani madzi."

Anamwalira ndi mvula yoyamba, tsiku limene ngumbi zinatuluka m'zulu ana nkumazithamangira ndi mabeseni. Uthenga unayenda ndi maminibasi. Anthu anabwera kuchokera ku Sinda, ku Mkaika, ku Vubwi, ena amene amai Mwandida sanawaonepo. Wa makala anatseka malonda. Anyamata a pa siteshoni anabwera ndi nkhuni pa njinga, osaseka.

Akulu a mpingo anakumana pambali nkubweretsa mawu. Lamulo ndi lamulo. Padzakhala pemphero lalifupi. Amayi a chigwirizano, gulu la azimayi a mpingo limene amai Mwandida anatumikiramo kuyambira ali mtsikana, asavale yunifomu. Nyimbo ayi. Abusa Sakala ananena zimenezi akuyang'ana nsapato zawo.

Ulendo wa kumanda unali wautali. Chimene chinkamveka ndi mapazi m'matope, gudumu la ngolo likulira, ndi achule m'dambo amene sanamve za chigamulo. Anthu ochuluka chotero, chete. Munthu amene sankalola basi kunyamuka mwamtendere ankapita ngati katundu wobedwa.

Kumanda adzukulu anatsitsa bokosi. Pemphero linatha lisanayambe bwino. Amai Mwandida anali atakhala pansi pakati pa azimayi, mutu wofunda chitenje, monga ayenera kukhalira namfedwa, wosalankhula, wosadzutsa maso. Anamva dothi loyamba likugwa pa matabwa. Linali lonyowa, lolemera, dothi lobzalamo. Linagwa kachiwiri.

Anavula chitenje kumutu nkuimirira.

Amai Bridget, mnzawo wa m'chigwirizano, anawakoka chitenje. "Amake Beauty, khalani pansi. Mudziputira mlandu."

"Mlandu ndakhala nawo m'nyumba zaka zonsezi. Ndauzolowera."

Ndipo anayambitsa nyimbo ya kumanda, ija imene anaimbira akufa a anthu ena osawerengeka. Anaiyamba pamwamba kwambiri, ngati mwana wa sukulu. Mzere woyamba anauimba okha. Adzukulu anaimitsa makasu. Pa mzere wachiwiri amai Bridget anausa moyo, nkuimirira, nkulowa. Kenaka azimayi ena, mmodzimmodzi, aliyense akupewa kuyang'ana mwamuna wake.

Nyimbo imeneyo ili ndi malo pamene azimayi amaima kuti abambo ayankhe ndi besi. Pa ndime yoyamba malowo anakhala opanda kanthu, dzenje pakati pa nyimbo. Abambo onse anayang'ana akulu a mpingo, akulu a mpingo nkuyang'ana mitengo. A Marko Miti ndiwo anatsogolera besi mumpingo umenewo kuyambira unyamata wawo, ndipo nyimbo yopanda pansi inkawapweteka ngati dzino. Anaika manja kumbuyo, nkuwabweza kutsogolo. Pa ndime yachiwiri azimayi ataima, kunamveka liwu lalikulu, lochokera pansi pa mimba, likudzaza dzenjelo. Abambo ena onse anagwera momwemo ngati madzi apeza ngalande. Abusa Sakala anaimba misozi ikutsika. Anyamata a pa siteshoni sankadziwa mawu, ankangong'ung'udza, koma mokweza.

Anaimba mpaka manda kudzaza, nkuyambanso ina pobwerera.

A Miti anauza anthu pambuyo pake kuti iwo ankangokonza pakhosi. Ndipo maliro atatha, chimanga chitamera, anatumiza mkulu wina kwa amai Mwandida kukawauza kuti anaphwanya chigamulo cha bwalo, akapepese.

"Ndinaimba," anatero amai Mwandida akupalira, osadzutsa mutu. "Ngati ndinaphonya mawu, andikonze."

Mlanduwo mpaka lero sunakambidwe. Sanapezeke mkulu wouweruza amene sanaimbe nawo.

Pamsika wa Katete mabelo akubwerabe. M'chisanu anthu amalimbirana majekete, thonje likagulidwa amalimbirana chilichonse. Azungu a m'mabasi amagula nthochi zawo mwamtendere nkukwera nthawi isanakwane. Anyamata a pa siteshoni amakangana za mpira wawo wamiyendo popanda wowatsutsa, ndipo mkanganowo suchedwa kuzizira. Ukayenda m'tauni umaona misana ya anthu itanyamula maina ndi manambala, kumunda, kuchigayo, pa njinga, ndipo amene anagula posachedwa sadziwa kuti abereka ndani.

Benchi ija tsopano amakhalapo amai Mwandida. Iwo amagulitsa kwa aliyense, yofiira kwa wofuna yofiira, chifukwa munthu ayenera kudya. Koma nthawi zina kasitoma wakale amatembenuza jezi, nkuloza zilembo za kumsana, nkufunsa mwachizolowezi kuti uyu anali ndani. Amai Mwandida amaliyang'ana dzinalo, limene sangathe kulitchula, nkuipinda jeziyo bwinobwino.

"Sindimudziwa," amatero. "Koma analipo. Muzichapa ndi manja."